Masenti 10 a pa botolo: tikabweze kuti, ndipo ndalamayo ndi ya ndani?

Zokambirana pa gulu la Amalawi okhala ku Ontario, m'dziko la Canada

Nachisale (Brampton): Akuluakulu ndi anzanga nonse, mwaswera bwanji? Ndithandizeni nzeru. Loweruka tinali ndi chinkhoswe cha mng'ono wa amuna anga, ndiye pakhonde padzaza mabotolo a vinyo ndi zitini za mowa. Mnzanga wakuntchito akuti ndisataye chifukwa ndi ndalama. Vinyoyo tinagula ku sitolo ya mowa ya LCBO, ndiye kuti ndikabweze komweko? Komanso ndikufuna kumvetsa, kodi LCBO ndi Beer Store zonsezi ndi sitolo za boma?

Bambo a Tadala (Scarborough): Taswera bwino achemwali, kaya inu. Musataye ngakhale chimodzi. Ku LCBO amangogulitsa, salandira mabotolo. Kobweza ndi ku Beer Store, ndipo kumeneko amalandira zonse, za mowa, za vinyo, za jini, mpaka timakatoni ta vinyo tija. Botolo la 630 ml kutsika m'munsi ndi masenti 10, loposa pamenepo ndi masenti 20. Ndiye botolo la vinyo la 750 ml lija ndi masenti 20. Chitini ndi masenti 10, pokhapokha chikaposa lita imodzi. Ndalamayi si mphatso ayi. Ndi yanu yomwe, munaisiya pa tilu pogula.

Musananyamuke patulani. Zitini m'thumba lawolawo, magalasi oyera paokha, obiriwira ndi akuda paokha, a mowa abulauni abwerere m'makatoni momwe anabwerera. Khuthulani zotsalira kuti galimoto isanunkhe.

Nachisale: Zikomo kwambiri achimwene. Nanga za Coke ndi madzi? Zimenezo ndiye zachuluka kuposa za mowa.

Bambo a Tadala: Zimenezo ikani mu bini yabuluu. Ku Ontario zoziziritsa kukhosi ndi madzi zilibe dipoziti.

Mayi Nangozo (Ottawa): Chimene chimandiwawa ndi chimenecho. Ife kuno tikangowoloka mtsinje tafika ku Gatineau, ku Quebec. Kumeneko kuyambira Novembala 2023 chitini chilichonse cha chakumwa ndi masenti 10, kaya ndi mowa kaya ndi Coke, ndipo mu Malichi 2025 anawonjezera mabotolo apulasitiki. Kuno chitini cha mowa chili ndi mtengo, cha Fanta chilibe, chonsecho chitsulo chake ndi chimodzi.

Bambo a Tadala: Ndiyankhe funso lanu lachiwiri achemwali a Nachisale, chifukwa ambiri timasokoneza, ngakhale obadwira konkuno.

LCBO ndi ya boma la chigawo cha Ontario. Inayamba mu 1927. Kuyambira 1916 mowa unali woletsedwa m'chigawo chino, ndiye pochotsa chiletsocho boma linati mowa ugulitsidwe koma chingwe chikhale m'manja mwathu. Phindu lake limapita ku thumba la chigawo, ndipo mu 2023 linali pafupifupi $2.5 biliyoni pa chaka, kupatula misonkho.

Beer Store si ya boma. Nayonso inayamba mu 1927, koma eni ake ndi makampani ofulula mowa. Akuluakulu ake ndi atatu: Labatt, imene ili m'manja mwa AB InBev ya ku Belgium, Molson Coors, ndi Sleeman, imene inagulidwa ndi Sapporo ya ku Japan. Mabotolo a mowa akhala akulandira kuyambira kalekale chifukwa amawafuna kuti athiremonso mowa. Za vinyo ndi mowa waukali zinalowa pa 5 Febuluwale 2007, boma litawapatsa ntchito yolandira mabotolo ogulidwa ku LCBO. Ndiye mumagula kwa boma, n'kukabweza kwa makampani.

Nachisale: Ine ndimaganiza kuti zonse ndi za boma. Zikomo, mwanditsegula maso.

Mavuto (Mississauga): Koma akuluakulu, tiyeni tinene zoona. Boma lili ndi ntchito yanji yogulitsa kachasu? Ine ndinayambira ku Calgary ndisanabwere kuno. Ku Alberta boma linasiya kugulitsa mowa m'masitolo mu 1993. Munthu wamba akhoza kutenga laisensi n'kutsegula botolo sitolo yake, ndipo ndinaona anthu obwera ngati ife, a ku India, a ku Ethiopia, akulera ana ndi bizinesi imeneyo. Msonkho boma limatolerabe. Ine ndikuti a Doug Ford, mtsogoleri wa boma la Ontario, anachita bwino kutsegula. Kuyambira pa 5 Seputembala 2024 munthu ukutha kugula mowa pa sitolo ya pakona kapena pothirira mafuta, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 11 usiku. Ife ogwira ntchito za usiku tinkaweruka n'kupeza kotseka konse.

Mayi Nangozo: A Mavuto, ine ndikulankhula monga munthu amene amalandira odwala usiku womwe mukunenawo. Sindikutsutsa kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu womwa. Koma mowa ukayandikira, anthu amamwa wambiri, ndipo amene amayamba kugwa ndi amene anali kale pamphepete. Ndasamalirapo bambo wina amene anali atasiya mowa kwa nthawi ndithu. Anandiuza kuti kale ankangosintha njira kuti asadutse pa sitolo ya mowa. Tsopano akapita kukagula mkaka wa ana, firiji ya mowa ili pafupi ndi firiji ya mkaka. Manja ake ankanjenjemera moti kapu ya madzi ndinkamugwirira ndine.

Mu Januwale 2023 a Canadian Centre on Substance Use and Addiction anatulutsa malangizo akuti chiopsezo chimakhala chochepa ngati munthu sapitirira mabotolo awiri pa sabata, ndipo kuyambira 7 pa sabata chiopsezo n'chachikulu, kuphatikizapo khansa ndi matenda a mtima. Chaka chotsatira tinaona sitolo za pakona zoposa 4,000 zikulandira laisensi pa nthawi imodzi. Zinthu ziwirizi sizigwirizana.

Mavuto: Amayi, ndikumva ndipo ndikulemekeza ntchito yanu. Koma amene akufuna kumwa amwa basi, ngakhale sitolo ikhale ku Barrie.

Mayi Nangozo: Amene watsimikiza kumwa amwadi. Ine ndikunena za amene akulimbana kuti asamwe, ndipo ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Komanso wogulitsa wa sitolo ya boma salandira zambiri akagulitsa zambiri. Akaona mwana wooneka kuti sanafike zaka 25 amapempha chiphaso, akaona munthu waledzera kale amakana, malipiro ake sasintha. Mwini sitolo ya pakona amene lendi yamupana, kukana kasitomala ndi kukana ndalama yake yomwe. Lamulo ndi limodzi, zaka 19, koma mtima wa wogulitsa uli pa malo osiyana. Sweden, Norway ndi Finland anasunga sitolo za boma pa chifukwa chimenechi.

Bambo a Tadala: Ndiwonjezere pa za ndalama. Mu 2015 boma linasainirana ndi eni Beer Store mgwirizano wa zaka 10, womwe unalola magolosale osapitirira 450 kugulitsa mowa. Ukanatha wokha kumapeto kwa 2025. A Ford sanafune kudikira, ndipo boma linavomera kupereka mpaka $225 miliyoni kwa Beer Store kuti atuluke msanga. Ofesi yowerengera chuma cha chigawo, Financial Accountability Office, inati kusintha konseku kudzadya pafupifupi $1.4 biliyoni pofika 2030. Boma linatsutsa chiwerengerocho, koma $225 miliyoni ija palibe amene akuikana. Ndi misonkho yathu tonse, omwa ndi osamwa omwe.

Ndipo musaiwale sitalaka ya Julayi 2024. Ogwira ntchito ku LCBO oposa 9,000 ananyanyala pa 5 Julayi, koyamba chiyambire 1927, ndipo sitolo zinatsegulidwanso pa 23. Nkhani yaikulu sinali malipiro okha. Ankadandaula za zakumwa zosakaniza kale za m'zitini zija, kuti zikapita m'sitolo za pakona ntchito zawo zichepa ndipo phindu la boma lituluka.

Mavuto: Koma boma silinatuluke achimwene. Sitolo za pakonazo zimapikula mowa ku LCBO komweko. Ndipo jini, whisky, vodka sungagule pakona.

Bambo a Tadala: Zoona zimenezo.

A Phiri (Hamilton): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndiloleni ndinenepo monga munthu wachikulire.

Ine ndinabadwira ku Bulawayo. Bambo anga anachoka ku Dedza kukafuna ntchito ngati anzawo ambiri a nthawi imeneyo, ndipo ndinakulira ku Makokoba. Kumeneko mowa wa masese unali wa khonsolo ya mzinda. Ingwebu inali ya khonsolo, maholo a mowa anali a khonsolo. Ndikukumbukira Lachisanu madzulo, amuna atalandira, njinga zitatsamira mpanda wa holo mzere wautali, amayi ena atakhala panja pa geti ndi ana kumsana kudikira kuti alandeko kenakake malipiro asanathere mkatimo. Phindu la mowawo ankati likumanga nyumba za m'lokeshoni, makiliniki ndi mabwalo a mpira, ndipo zina zinamangidwadi.

Nzeru imeneyo inachokera ku Durban. Lamulo la 1908 linapatsa mizinda ya ku Natal mphamvu yoti iwo okha ndiwo azifulula ndi kugulitsa mowa wa anthu akuda. Mzimayi wofulula kunyumba ankamangidwa, mowa wake n'kutayidwa. Ndalama za m'maholo zinkalipirira mahositelo ndi maofesi omwe ankayang'anira anthu akudawo. N'chifukwa chake amayi a ku Cato Manor mu 1959 anakalowa m'maholo ndi ndodo, ndipo ana asukulu a ku Soweto mu 1976 anawatentha.

Ndiye ine ndikamva kuti boma likugulitsa mowa kuti liteteze anthu, mtima wanga sufulumira kukondwa. Ndimayamba ndafunsa kuti akutetezedwa ndani, akuyang'aniridwa ndani. Ngakhale kuno ku Ontario, kuyambira 1927 mpaka 1962 munthu ankayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo kwa zaka zambiri chinali kabuku momwe chilichonse chimene wagula chinkalembedwa. Unkalemba pa kapepala, kalaliki n'kukatenga botolo kuseri, mashelefu sunkawaona. Panali mndandanda wa anthu oletsedwa kugula, ndipo eni nthaka a dziko lino anakhala zaka zambiri osaloledwa n'komwe. Sitolo yodzitengera wekha pa shelefu inayamba mu 1969.

Mayi Nangozo: Bambo, zikomo. Za Bulawayo sindinkazidziwa. Ndiye mukugwirizana ndi a Mavuto?

A Phiri: Ayi mwanangu. Kusiyana kulipo, ndipo ndi kwakukulu. Bambo anga sankavota kusankha khonsolo imene inkawagulitsa mowa. Kuno amene ali ndi unzika amavota, mabuku a ndalama amasindikizidwa, aliyense akhoza kuwerenga. Boma loti ungalichotse likagwira phindu la mowa n'kulipititsa kuchipatala, ine ndilibe nalo mlandu. Chimene ndikuchenjeza n'chakuti boma likazolowera $2.5 biliyoni chaka ndi chaka, limayamba kufuna kuti anthu azimwa. Lowani m'sitolo zazikulu za LCBO muone magetsi, magazini okongola a zakudya, malo olawitsa vinyo. Bungwe limene linabadwa kuti lichepetse kumwa lasanduka katswiri wotsatsa malonda. Amayi a Nangozo, pamenepo muziyang'anaponso.

Mayi Nangozo: Ndavomera bambo.

Chifundo (North York): Ndingowonjezera kuti kukhala ndi wogula mmodzi kuli ndi mphamvu yake. Mu Malichi 2025, a Trump atakweza misonkho pa katundu wa Canada, LCBO inachotsa mowa wonse wa ku America m'mashelefu tsiku limodzi. Malonda ake anali pafupifupi $1 biliyoni pa chaka. Masitolo akanakhala a anthu masauzande, aliyense akanachita zake.

Yamikani (Barrie): Ine ndibwerere ku mabotolo, chifukwa ndimagwira ntchito pa golosale ina ndipo zimenezi ndimazigwira ndi manja. Lamulo la 2024 linati golosale yogulitsa mowa imene ili kutali makilomita oposa 5 ndi Beer Store izilandira mabotolo. Akuluakulu, anthu sabweretsa mabotolo otsuka. Umatsegula thumba lakuda lija n'kupeza zitini zokhala ndi mowa wovunda, zotsalira za fodya, nthawi yotentha mavu ndi tintchentche tating'onoting'ono, penanso galasi losweka. Magolovesi amabowoka. Chipinda chosungiramo chili pafupi ndi pomwe timatsitsira masamba ndi buledi. Abwana athu sanawonjezere munthu, anangoti aliyense amene ali pafupi azilandira. Ndiye ukusiya kupanga mashelefu, ukuwerenga zitini, mzere wa pa tilu ukukula.

Sindikunena kuti anthu asabweze. Ndikunena kuti ntchito imeneyi ikufuna malo ake ndi anthu ake olipidwa.

Chifundo: A Yamikani akunena zoona. Ku Beer Store nyumba yake inamangidwira zimenezo. Kuli timawilo tachitsulo toyala ngati njanji, umangoika katoni n'kukankha, imapita yokha kuseri. Mnyamata wolandira amangotsegula katoni, kuyendetsa chala pa milomo ya mabotolo, 24, walemba $2.40, ina ibwere. Ndipo botolo labulauni lija silipita kukaphwanyidwa. Limatsukidwa n'kuthiridwanso mowa, akuti pafupifupi maulendo 15.

Bambo a Tadala: Ndipo vuto lenileni lagona pamenepo. Malo ogulitsa awonjezeka ndi masauzande, ndipo paliponse dipoziti akutenga. Sitolo za pakona sizikakamizidwa kulandira mabotolo. Pomwe Beer Store, imene inali ndi masitolo oposa 400, yakhala ikutseka ena chifukwa malonda apita kwina. Mgwirizano wa 2024, wa $225 miliyoni uja, unangoti asachepere 300 mpaka kumapeto kwa 2025, kupitirira apo palibe malire. Ndiye kolipira kukuchuluka, kobweza kukuchepa. Zili ngati kubwereketsa khasu kwa munthu amene mawa lake akusamuka mudzi. Khasu ndi lako ndithu, koma ukalitenga kuti?

Wokhala ndi galimoto sadandaula, amangodzaza buti kamodzi pa mwezi. Wokwera basi za TTC, za mzinda wa Toronto, sangalipire ulendo wa madola atatu ndi kanthu kuti akatenge madola awiri. Amangoponya mu bini, dipoziti yake yapita.

Mavuto: Pamenepa ndiye ndili nanu. Amene akutenga dipoziti azilandiranso botolo. Kapena aike makina olandirira ngati m'mayiko ena.

Anambewe (Etobicoke): Mwaiwala anthu ena. Mumsewu wathu muli agogo ena aakazi, sitimvana chilankhulo, koma timapatsana moni. Usiku woti mawa lake galimoto ya zinyalala ibwera, amayenda ndi kangolo ka kumsika, matumba awiri atamangirira m'mbali ndi lamba wakale. Ali ndi kandodo kokhala ndi waya kunsonga kokokera zitini pansi pa bini. Satayataya zinyalala, akamaliza amatseka chivundikiro bwinobwino. M'nyengo yozizira amavala magolovesi a ubweya, pamwamba pake apulasitiki. Ndinawaona Januwale wina akukankha kangolo kaja pa chipale, mawilo akukana, iwo akukweza kutsogolo ndi manja.

Zitini 100 ndi $10. Kwa ife ndi khofi ndi sangweji, kwa iwo ndi mpunga wa sabata. Malo obwezera akatalikira ndi makilomita atatu, agogo amenewo sangafike. Ine tsopano ndimaika zitini za alendo m'thumba loyera pambali pa bini kuti asavutike kupisa. A Nachisale, ngati mulibe nthawi yopita, chitani chimenecho. Musasakanize ndi zinyalala zina.

Nachisale: Amayi, mwandikhudza. Kwathu kunonso ndimaona bambo wina wa njinga m'mamawa.

Chifundo: Komatu ife Amalawi zimenezi sitikuphunzira kuno. Ndani sanatumidwepo ku golosale atanyamula ma emputi? Ukapita wopanda botolo, mwini golosale amati siya dipoziti kapena umwere pompano. Pa ukwati makreti ankawerengedwa kawiri, potenga ndi pobweza, ndipo panali munthu wake wa komiti woyang'anira mabotolo okha. Fakitale ya Carlsberg ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo mpaka Castel atagula mu 2016 botolo la Green limayendabe ulendo wobwerera. Kwathu botolo lagalasi sulipeza m'ngalande. Chimene chimadzaza m'mitsinje ya Mudi ndi Lilongwe ndi pulasitiki, imene ilibe woifuna.

Ndipo chimene chimathandiza kwathu n'chakuti pomwe wagula ndi pomwe ubweza. Galimoto yobweretsa makreti odzaza ndi yomweyo imatenga opanda kanthu.

A Phiri: Mwanena bwino mwanangu. Ndi mmene zinalili kunonso pa mowa, asanapatule kogula ndi kobweza.

Anambewe: Poti nkhani yafika apa, ndilankhule monga msungichuma. Thumba lathu la maliro silili bwino. Nonse mukukumbukira mmene tinavutikira ulendo watha kuti thupi la m'bale wathu lifike kumudzi, mpaka tinapempha kawiri. Matimu a ana a hockey ndi magulu ena kuno amatolera mabotolo khomo ndi khomo kuti apeze ndalama. Ogwira ntchito ku Beer Store nawo amachita zimenezi chaka ndi chaka pothandiza kafukufuku wa khansa ya m'magazi. Bwanji ifenso? Chinkhoswe chilichonse, phwando la 6 Julayi, kanyenya wa chilimwe, mabotolo onse azibwera ku thumba. Galaja yanga ilipo.

Mavuto: Ndavomera. Ndili ndi vani, ndizitenga za ku Mississauga ndi Brampton.

Nachisale: Zanga zija zikhale zoyamba.

Mayi a Mphatso (Kitchener): Pepani abale, ine ndiima pena. Ndikudziwa kuti a Nambewe akufunira gulu zabwino. Koma mchimwene wanga anamwalira ndi mowa, nthawi ya masacheti ija, ali ndi zaka zochepa, anasiya ana awiri amene ndikuphunzitsa ndine. Kuti tsiku lina bokosi langa lidzakwere ndege ndi ndalama za mabotolo a mowa, mtima wanga ukukana. Komanso ana athu aziona chiyani? Kuti phwando likakhala ndi mowa wambiri ndiye kuti gulu lapindula? Mawa wina adzanena kuti tiyeni timwe tithandize thumba.

Anambewe: Amayi a Mphatso, pepani kwambiri za achimwene anu. Sindinaganize zokupwetekani.

Mayi a Mphatso: Ndikudziwa amayi. Sindinakwiye.

Bambo a Tadala: Amayi, ndikumva kulemera kwa mawu anu. Ndingonena mmene ndikuonera. Ndalama ya dipoziti si phindu la mowa. Sitikugulitsa kanthu kwa munthu. Ndi ndalama imene m'bale wathu anasiya yekha, ndipo tikapanda kukaitenga siipita kwa ana amasiye, imatsala komweko. Pa katoni ya mowa 24 munthu amawononga madola makumi angapo kuti thumba lipeze $2.40. Palibe amene angamwe chifukwa cha zimenezo.

Mayi a Mphatso: Masamu anu ndi oona bambo. Koma ine sindikunena za masamu.

Che Jafali (London, Ontario): Salaam abale. Ine sindimwa, ndipo m'chipembedzo chathu ngakhale kunyamula mowa sitiloledwa. Sindingasunge mabotolo amenewo m'nyumba mwanga kapena kuwakweza m'galimoto yanga. Pamenepo ndili ndi amayi a Mphatso. Thumba la maliro ndi la tonse, Akhristu, Asilamu, a Seventh Day, omwa ndi osamwa, ndipo munthu aliyense ayenera kulilandira ndi mtima woyera pa tsiku lovuta. Ngati pali ngakhale banja limodzi limene lidzakayikire ndalamazo, ndiye kuti tagawa gulu pamalo pomwe timayenera kukhala amodzi.

Koma sindikufuna kuti ndalamayo itayike. Bwanji tiipatule? Za mabotolo zikhale ndi buku lake, zizilipirira holo ya maphwando, mipando, makala, zinthu za omwe amabweretsa mabotolowo. Ndalama imene tinkachotsa m'zopereka zathu kulipira holo ndiyo ipite ku maliro. Thumba likula, ndipo zimene zalowamo ndi zopereka za manja athu.

Mavuto: Che Jafali, kunena zoona ndalama yake ndi yomweyo, yangodutsa khomo lina.

Che Jafali: Kwa inu ndi yomweyo achimwene. Kwa ine ndi amayi a Mphatso khomo limenelo ndi lofunika.

Mayi a Mphatso: Zikatero ndingavomere. Koma ndikupempha chinthu chimodzi: ana asatumidwe kutolera kapena kupatula mabotolo. Ikhale ntchito ya akuluakulu.

Mayi Nangozo: Ndikugwirizana nazo zonse ziwiri. Ndiwonjezere pempho langa. Tisakatenge mabotolo m'mabini a m'misewu kapena kupempha khomo ndi khomo m'madera momwe muli anthu otolera. Tikatero tikulanda chakudya cha agogo aja a Nambewe anena. Titenge za m'maphwando athu ndi m'nyumba zathu zokha.

Anambewe: Pamenepo mwandikumbutsa chinthu. Zitini za m'nyumba mwanga zipitirira kupita kwa agogo aja. Ku gulu ndizibweretsa za maphwando.

Yamikani: Ndipo chonde, a Mavuto, mukadzaza vani musapite nayo ku golosale. Pitani ku Beer Store, ndipo yambani mwaimba foni kapena kuona pa intaneti ngati sitoloyo ikadali yotsegula komanso ngati imalandira katundu wambiri nthawi imodzi. Pitani pakati pa sabata m'mawa. Loweruka ndi Lolemba lotsatira holide mzere umakhala wautali.

Mavuto: Ndamva. Koma za ku Ottawa ndi London sindingafike.

Mayi Nangozo: Za kuno tibweza tokha n'kutumiza ndalama kwa msungichuma. Ndiwauzenso anzathu kuno kuti zogulidwa ku Gatineau zibwezedwe ku Quebec komweko, chifukwa dipoziti yake inalipidwa kumeneko.

Bambo a Tadala: Pali chinanso chimene tingachite, ndipo sichifuna vani. Aliyense ali ndi phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo, ku Queen's Park. Ofesi yake imalandira makalata ngakhale kwa munthu amene sanakhale nzika. Tilembe zinthu ziwiri zokha: dera lililonse likhale ndi malo obwezera ofikika wapansi, ndipo dipoziti ifike pa zitini ndi mabotolo a zoziziritsa kukhosi ngati ku Quebec. Chachiwirichi chikachitika, a Che Jafali ndi amayi a Mphatso adzatolera nafe limodzi popanda chowavuta. Ndilemba chitsanzo cha kalata m'Chingerezi, aliyense asinthe dzina la dera lake.

Che Jafali: Kalata imeneyo ndisaina.

Mavuto: Inenso, ngakhale pa za sitolo za boma sindinasinthe maganizo. Amayi a Nangozo, tidzapitiriza pa msonkhano.

Mayi Nangozo: Ndidzabwera ndi mapepala anga.

A Phiri: A Nambewe, nkhani ya mabuku awiri ija isathere pa foni. Ilowe pa ndandanda wa msonkhano wa mwezi uno, ilembedwe, anthu akweze manja. Ambiri amene amasonkha ku thumba sali pa gulu lino, makamaka achikulire, ndipo ayenera kumva ndi makutu awo asanauzidwe kuti zagamulidwa.

Anambewe: Ndalemba bambo. Ndiwaimbira a wapampando madzulo ano. A Nachisale, sungani kaye matumba anuwo mpaka msonkhano udutse, muwamange pakamwa chifukwa cha mavu.